Mpando Wachisanu ndi Chimodzi

A Samson anawerenganso kachitatu, akugogoda mpando uliwonse ndi ndodo, koma mipandoyo inakhalabe isanu.

Inali itandandalikidwa pabwalo pamodzi ndi katundu yense wa mng'ono wawo, malemu a Gerson Sakala, amene anaikidwa Loweruka. Tsikuli linali Lachiwiri, tsiku logawa katundu ndi kusudzula mkazi wa malemu kuti abwerere kwawo. Ngolo imene a Samson anabwera nayo kuchokera ku Chipangali inaima pansi pa mtengo wa mango, ng'ombe zili kale m'goli, poti iwo ankafuna kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Ulendo wake ndi wa masiku awiri, ndipo kumudzi mtedza unali ukudikira kukumba.

"Mlamu, mipando iyi inali sikisi," anatero a Samson. "Ndinakhalapo ine ndemwe chaka chija ndinabwera. Wina uli kuti?"

A Olipa, mkazi wa malemu, anali pamphasa pafupi ndi khomo, duku lakuda kumutu. Anayang'ana mipandoyo ngati nawonso akuiona koyamba, kenaka anaweramitsa mutu.

Kuseri kwa mpanda wa nkhadze kunali kutadzaza kale mitu ya azimayi a m'komboni ya Kapata. Musaganize kuti anabwera kudzalira, kulira kunatha Loweruka. Anabwera kudzaona katundu. Zaka zonsezi ankangomva kuti m'nyumba ya a Gerson muli zinthu, ndipo lero zinthuzo zinali padzuwa. Panali wotchi yaitali ngati munthu koma yopanda mivi. Panali kabati ya magalasi imene nkhuku yoyera inkaikiramo mazira, ndipo ngakhale panthawiyo inali momwemo, ikuyang'ana anthu. Panali mpando wozungulira wa ometa tsitsi, chopachikira zipewa chimene ankapachikapo chimanga chambewu, ndiponso bafa lachitsulo la miyendo ngati ya mkango, lodzalidwamo anyezi. Amuna anayi analikoka bafalo kuchokera kuseri, anyezi ali momwemo.

A Gerson anali kalaliki ku Boma, ku Foti Jemusoni, munthu wa tayi, wolankhula motsitsa. Koma mzungu wa fodya akatopa ndi munda n'kuika katundu wake pa okushoni, malonda opikisana mitengo, iwo ankapalasa njinga kukagula zimene anthu ena onse azisiya akuseka. Pa zonsezo, katundu amene munthu akanamutcha katundu inali mipando ya mlombwa ija, ndipo ndi imene a Samson anaibwerera ndi ngolo.

A Zelipa, mlongo wa malemu, anakhosomola. Iwowa anakwatiwa konkuno m'tauni, ndipo mu Kapata munalibe nkhani imene inkafika kumsika isanadutse pakamwa pawo. Ananena kuti iwo sakunamizira munthu, koma anamva kuti Lamulungu m'mawa, abale a mlamu wawo akubwerera ku Tamanda, panjinga ina panali chinthu chokutidwa ndi bulangete. Kaya unali mpando, kaya dengu, iwo sanaone. Anangomva.

"Linali dengu la mbale zimene anabwera nazo," anatero a Olipa.

"Ndiye mpando uli kuti?" anafunsanso a Samson.



A Samson anatsamira ndodo yawo n'kulankhula moti akumpanda amve. Anati mng'ono wawo anawaiwala kalekale. Zaka khumi ndi chimodzi osaponda ku Chipangali, kungotumiza kalata ya mizere itatu pa Khirisimasi. Anati tsiku limene anabwera kudzamuona anamupeza atazunguliridwa ndi mipando ya azungu, ndipo atamufunsa ngati amakumbukira n'komwe pamene atate awo ankakhala, iye anangomwetulira n'kuwathirira tiyi. Zimenezo anazikhululukira, poti wapita. Koma kuti mkazi abise katundu wa malemu manda akadali ofewa, zimenezo sangazilole.

A Paison, mkulu wa mpingo amene anaitanidwa kudzapempherera mwambowo, anayesa kuziziritsa. Anati mpando umodzi usaimitse ntchito ya tsikulo. A Samson anayankha kuti nkhani si mpando, nkhani ndi kubisa, ndipo mpaka mpandowo uoneke, duku lakudalo silichoka. Mlamu akwera ngolo, akakhala ku Chipangali ndi akuchimuna mpaka akumbukire.

Aliyense pabwalopo anadziwa tanthauzo lake. Nyumbayo inali ya Boma, ndipo makiyi ankafunika kumapeto kwa mwezi. Mwana wa a Olipa mmodzi yekhayo, Molly, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali atapita kale ku Tamanda ndi agogo ake, atalonjezedwa kuti amayi ake afika Lachitatu pa basi. Mkazi wosasudzulidwa sapita kwawo. Amakhala kumene amuika, ndi duku lake, ndi dzina la wakuba pamwamba.

A Paison anati anthu ayambe amwa tiyi.

A Olipa analowa m'khitchini, kanyumba ka kuseri, ngati akukatenga makapu. Atatseka chitseko anaima n'kuyang'ana mulu wa nkhuni pakona. Mpandowo unali pomwepo, m'thumba la ufa, kuseri kwa nkhunizo. Akanatha kuutulutsa nthawi yomweyo nkhani n'kutha. Chimene chinkawagwira manja chinali china.

Paja anthu a mu Kapata ankadziwa kuti zala za a Gerson zinali zakuda nthawi zonse, zakuda mpaka m'zikhadabo, kuposa za kalaliki wina aliyense. Chimene sankadziwa n'chakuti Loweruka lililonse masana bamboyo ankavula tayi, n'kukhala pakhomo la kuseri ndi kathabwa pamiyendo, n'kumagoba. Zogobera zake zinali mawaya a ambulera yakale amene anawanola yekha, ndi kampeni. Matabwa ankawachotsa m'katundu yemweyo: pansi pa dirowa, kumbuyo kwa kabati, pamene mlendo sangaone. Ankagobapo zinthu za m'nyumbamo, wotchi ija, ketulo yophwanyika mlomo, nkhuku ili m'kabati. Akatha ankasakaniza mwaye wa nyali ndi mafuta amene opaka penti amasungunulira penti, n'kupaka pathabwapo, n'kuyalapo pepala lokulungira shuga la kwa amwenye, n'kulisisita ndi kumbuyo kwa supuni. Akalisenda pepalalo, ketulo ija inkapezeka papepala, yakuda, ikuoneka ngati ikufuna kulankhula.

Zaka zoyamba a Olipa ndiwo ankasisita, poti dzanja lawo linali lopepuka. Ankaseka awiriwo. Mapepala ouma ankawasunga m'sutukesi, ndipo anadzaza.

Ndiye kunabwera Malichi uja. Boma linaletsa chipani cha Kongeresi, ndipo apolisi anayamba kulowa m'nyumba kufunafuna anthu odinda mapepala otsutsa Chitaganya. Anatenga aphunzitsi a Alfonsi, a nyumba yachitatu kuchokera pa a Gerson, chifukwa cha mtolo wa mapepala umene anaupeza kudenga, ndipo kufikira lero mkazi wawo sankadziwa kumene ali. Sabata yomweyo a Olipa anamva pampopi mayi wina akufunsa mnzake kuti kodi zala za a Sakala zimada ndi chiyani. Anabwerera ndi ndowa yosadzaza, anakoka sutukesi, n'kuotcha zonse, mapepala ndi matabwa omwe. A Gerson anafika kuchokera kuntchito moto uli pakati. Anaima ndi njinga m'manja mpaka nkhuku yomaliza inapsa. Sanakalipe. Anangofunsa ngati madzi osamba alipo, ndipo a Olipa atawakakamiza analonjeza kuti sadzagobanso.

Patangopita masiku ochepa a Gerson anayamba kudwala chifuwa, n'kusiya kupita kuntchito. Masiku omwewo kunabwera amuna awiri achilendo amene analankhula nawo kuseri kwa nyumba motsitsa mawu, ndipo a Olipa atafunsa, anauzidwa kuti ndi anthu ofuna thandizo basi. Kenaka mpando umodzi unasowa. A Olipa akapita kumsika ankapeza tizipalo tofiira ta mlombwa pakhomo la kuseri, tosesedwa mofulumira. Tsiku limene amuna awo anagonekedwa m'chipatala anafufuza n'kupeza thumba lija. Munali miyendo inayi yochekedwa bwinobwino, chotsamira, ndi thabwa lokhalira litakulungidwa m'jekete. Analitengera pawindo n'kuliyang'ana. Thabwa logobedwa lisanapakidwe inki silioneka bwino, ndi timizere tokhatokha pamtengo wakuda, koma chinthu chimodzi anachiona: chachitali, chowongoka, chotupa mbali imodzi. Mfuti.

Akanaliotcha tsiku lomwelo. Koma masana ake kuchipatala, a Gerson, akupuma movutika, anawagwira chala n'kunena kuti akudziwa kuti thumba lapezeka, poti mkazi wawo sadziwa kubisa nkhope. "Ichi chokha musaotche," anatero. Mawa lake anamwalira.

Chitseko cha khitchini chinatseguka, a Zelipa n'kulowa.

"Makapu aja akuumbidwa kumene, mlamu?"

A Olipa anatola makapu mwachangu, kamodzi n'kugwa. A Zelipa anakatola, n'kukapukuta ndi chitenje, maso akuyendayenda m'khitchinimo. Anati iwo ndi mkazi mnzawo, ndipo ngati mpandowo unagulitsidwa nthawi ya matenda kuti agulire mankhwala, angonena, iwo akawanyengerera achimwene. Palibe amene adziwe. A Olipa anawayang'ana n'kuganiza kuti akangotsegula pakamwa, tiyi asanazizire nkhaniyo ikhala itafika kumpanda. Ndipo kumpandako, pakati pa mitu ija, panali mutu wa a Getrude, amene amuna awo ndi apolisi.

Ali chituluke ndi makapu, pamsewu panadutsa galimoto ya apolisi, pang'onopang'ono, fumbi likutsatira. Pabwalo ponse panati zii. A Paison anaimitsa kapu pakati pa tebulo ndi pakamwa. Galimotoyo inachedwa pakona, mwina chifukwa cha dzenje lija, kenaka inapitirira. Anthu anayambiranso kulankhula, koma motsitsa. 

Atatha tiyi a Samson sanafunsenso. Anayamba kukweza mipando isanu ija m'ngolo, umodziumodzi, akuimanga ndi luzi. Anati wotchi, bafa ndi zinazo atenge amene akufuna, iwo alibe malo osungira misala. Atamaliza anasiya kampata kumbuyo kwa ngolo, n'kuyalapo thumba.

"Tengani bulangete lanu, mlamu. Dzuwa likupita."

A Paison anadandaula kuti mwana akudikira ku Tamanda. A Samson anati mwanayo ndi wa kwa Sakala, adzamutuma munthu akamutenge. Apo m'pamene a Olipa anadzuka. M'maganizo mwawo anaona Molly ataima pamsewu wa ku Tamanda Lachitatu, basi ikutsitsa anthu ena onse. Anapita kukhitchini, ndipo anthu anamva nkhuni zikugwa. Anatuluka akukoka thumba la ufa.

Anapempha kuti alowe m'nyumba, iwo, alamu awo awiri ndi a Paison basi. A Samson anakana. Anati zam'nyumba ndi zimene zawafikitsa pamenepa, chilichonse chioneke padzuwa.

A Olipa anagwada n'kukhuthula thumbalo. Miyendo inayi inagubuduka pafumbi, kenaka chotsamira. Kumpanda kunamveka kung'ung'udza. A Samson anatola mwendo umodzi, n'kuona pochekedwa, n'kufunsa kuti ndani wachita zimenezi pa mpando wabwinobwino. A Olipa anayankha kuti ndi eni ake. A Samson anafunsa chifukwa. A Olipa anamasula jekete n'kuwapatsa thabwalo.

A Samson analigwira monga mmene munthu amagwirira pokhalira pa mpando, mbali yozungulira kutsogolo, n'kuliyandikitsa kumaso. A Zelipa anasuzumira paphewa pawo. Anatsata timizereto ndi chala, ndipo chalacho chitafika pa chinthu chachitali chija chinaima.

"Achimwene, iyi si mfuti iyi?"

Ananena motsitsa, mwa iwo eni, koma kutsitsa kwa a Zelipa kumamveka mpaka kumsewu. Mitu ina kumpanda inazimiririka nthawi yomweyo. Wa a Getrude unatsala, ndipo unakwera pang'ono.

A Paison anavula magalasi n'kuwavalanso. Anafunsa a Olipa ngati malemu ankadinda mapepala, ndipo iwo anati ankadinda maketulo ndi nkhuku. Nanga ichi? Anati sakudziwa, sanachionepo papepala. Mkuluyo anayang'ana kumsewu n'kunong'oneza kuti chinthuchi chipse tsopano lino, chisanawatengetse onse, iwo ali ndi ana asanu ndi awiri. A Samson sanatsutse. Nkhope yawo inali itasintha, ukali utachoka, patatsala mantha a munthu wakumudzi amene wapezeka pa nkhani za m'tauni. Anatembenukira kumafuwa kumene moto wa tiyi unali ukunyekabe.

"Alamu," anatero a Olipa. Anali akadali chogwada. "Ndinaotcha zonse zimene munthuyu anapanga zaka khumi, iye akuona. Ichi anandipempha ali pabedi lomaliza. Ndiloleni ndidinde kamodzi kokha, tione chimene tikuotcha. Ngati ndi mfuti, ndiponyapo ndekha, ndipo ngolo ndikwera."

A Paison anati kumeneko ndiye kupanga umboni ndi manja awo. A Zelipa anati aone kaye, poti chidwi chawo chinali chachikulu kuposa mantha. A Samson anaima pakati pa moto ndi mlamu wawo kwa kanthawi, kenaka anaika thabwalo patebulo.

Zonse zinali m'matumba a jekete lija, ngati kuti mwini wake anadziwa: kachitini ka polishi kodzaza inki, kampira ka nsanza kokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, ndi pepala limodzi lokulunga, loyera, losakhala la shuga, la mtundu umene amalembapo makalata a bwanamkubwa. A Olipa anatuma a Zelipa supuni yaikulu ya m'khitchini, imene kumbuyo kwake kunali kosalala ngati galasi, ndipo a Zelipa anathamanga.

A Olipa anayamba kudinda kampirako mu inki n'kumagunditsa pathabwa, pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete, monga ankachitira amuna awo. Ukafulumira, inki imalowa m'mizere, chithunzi n'kufa. Fungo la mwaye ndi mafuta linakwera, fungo la Loweruka masana, ndipo a Olipa anaima pang'ono kuti maso aone bwino. Anayala pepala, n'kuligwira ndi dzanja lamanzere kuti lisasunthe. Supuni inayamba kuzungulira. Pabwalo sipankamveka china koma supuniyo ndi ng'ombe zikuthamangitsa ntchentche. Kumbuyo kwa pepala kunayamba kuoneka mithunzi, ndipo chachitali chija chinatulukira choyamba. A Paison anatseka maso, milomo ikugwedezeka. A Getrude anali atalowa kale pampata wa mpanda, ataima pafupi ndi bafa la anyezi.

A Olipa anakweza kangodya kamodzi n'kusuzumira, anabwezera, anasisitanso pakati. Kenaka anasenda pepala lonse, n'kulitembenuza. Sanamvetse msanga. Analizunguliza mbali ina, poti a Gerson anagoba chopingasa, osatsata mmene thabwa linkakhalira pa mpando, ndipo chinthu chachitali chija chinaimirira.

Unali mpando. Mpando wandalema wakale, wa chikopa cha ng'ombe yamawanga, chikopacho chitalowa pakati pamene munthu ankakhala. Miyendo yake inali yamatabwa, kupatula umodzi wakutsogolo umene unali mpini wa khasu, mutu wake wotupa uli pansi, womangidwa ndi chingwe.

"Ndi mpando basi," anatero a Getrude, mawu ake ngati a munthu amene wamanidwa ndiwo. Anayang'ananso kachiwiri kuti atsimikize, kenaka anabwerera kumpanda kukauza anzawo kuti bambo uja anacheka mpando weniweni kuti ajambule mpando wothyoka.

A Paison anakhala pa mpando wa ometa tsitsi, ndipo unawazunguliza pang'ono asanaponde pansi.

Koma a Zelipa anali atagwira pakamwa. Anati ndi wa atate. Ndi mpando wa atate awo wa ku Chipangali, umene unapsa pamodzi ndi nyumba ya achimwene chaka cha moto wolusa, ndipo mawanga a chikopawo ndi omwewo, ngakhale lija looneka ngati khutu. Atayamba kulankhula sanathenso kuima. Anafotokozera a Paison kuti Gerson ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi analumphira pa mpandowo atate ali kudimba, mwendo n'kuthyoka. Mpando umenewo panalibe mwana ankaukhudza, ana ankakhala pansi patsogolo pake. Achimwene, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anazula mpini wa khasu lawo n'kumangirira, ndipo atate atabwera anati athyola ndi iwo. Anakwapulidwa kawiri, kamodzi chifukwa cha mpando, kachiwiri chifukwa cha khasu. Gerson anabisala m'nkhokwe mpaka madzulo, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso moyo wake wonse, ngakhale kunena zikomo.

A Samson sankamvetsera. Anali ataweramira pepalalo, manja kumbuyo ngati akuopa kuti angalikhudze. Anayang'ana thabwa, anayang'ana pepala, anabwereranso pathabwa.

"Apa mpini uli kumanja," anatero, akuloza thabwa. "Koma apa uli kumanzere, kumene unalidi."

A Olipa anawauza kuti ndi mmene ntchitoyi ilili. Chimene wagoba kumanja chimatuluka kumanzere. Ndiye munthu amayenera kugoba chilichonse chotembenuza, mzere uliwonse akuganiza mmene adzachionere amene adzalandire pepala, osati mmene akuchionera iye.

A Samson anafunsa kuti zinamutengera Gerson nthawi yaitali bwanji. A Olipa anati masabata asanu, akutsokomola, akubisira mkazi wake yemwe. Anafunsanso kuti bwanji sanatenge thabwa lina, la kabati kapena la bokosi. A Olipa anati matabwa enawo ndi ofewa, salola timizere tating'ono, ndipo anawaonetsa pamene chingwe chinamangidwa. Ulusi uliwonse wa chingwecho unkaoneka. A Samson anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda inki.

"Mfundo iyi ndi yamanzere," anatero. Anayang'ana dzanja lawo lamanzere, limene linagwira ndodo.

Za amuna awiri achilendo aja palibe anadziwa. Ena mu Kapata amati analidi a Kongeresi ndipo a Gerson anawakaniza, ena amati ankangofuna kuti awalembere kalata ya ntchito. A Zelipa ali ndi nkhani zitatu zosiyana, kutengera amene akumuuza.

A Samson anawongoka, n'kupita kungolo. Anagogoda mipando isanu ija ndi ndodo, umodziumodzi, n'kubwerera patebulo, n'kugogoda m'mphepete mwa thabwa lakuda lija.

"Sikisi," anatero. "Zelipa, masula mlamu wako."

A Zelipa anapita kumbuyo kwa a Olipa n'kumasula duku lakuda, zala zikukodwa pamfundo chifukwa ankalira. A Samson ananena mawu a mwambo, kuti mkaziyu anasunga m'bale wawo bwino mpaka tsiku lomaliza, alibe naye mlandu, apite kwawo momasuka. A Paison anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene anapempherapo. A Olipa anamva mphepo ikuwomba m'mutu mwawo mometedwa, n'kukhala pamphasa.

Atadzutsa maso anaona a Samson atatenga pepala lija, akufuna kulipinda pakati kuti alilowetse m'thumba la malaya.

"Musapinde, alamu. Inkiyo ndi yaiwisi, imatirira."

Anafunsa kuti iuma nthawi yanji, akuyang'ana dzuwa. A Olipa anati inki ya mwaye siifulumira, eni ake ankaipatsa masiku atatu. Akalinyamula lero, pofika ku Chipangali likhala lakuda lokhalokha. Analilandira m'manja mwawo mogwira m'mphepete, anachotsa chimanga chimodzi pa chopachikira zipewa, n'kulipanikiza pamenepo ndi chopanira zovala, pamthunzi wa khonde.

A Samson anayang'ana ngolo, anayang'ana msewu wa kumudzi kumene mtedza unkawadikira. Kenaka anapita pansi pa mango n'kumasula ng'ombe m'goli, n'kuzimangirira pamene panali udzu. Anauza a Olipa kuti iwo akwere basi yawo mawa, mwana asadikire, makiyi awasiyire, pepala alilondera okha.

A Zelipa anathamangira kungolo kuti awatsitsire mpando umodzi. A Samson anawakaniza ndi dzanja. Anaika ndodo pambali, anapinda miyendo movutikira, poti mawondo anali atakalamba, n'kukhala pansi pafumbi, patsogolo pa pepalalo.